SATCHEL PAIGE, WOPONYA MPIRA AMENE ANADIKIRA PAKHOMO ZAKA 22

Mwa anthu akuda a ku Amereka amene anachuka pa masewera, ndi owerengeka okha amene anaonedwa ndi makamu akulu, m'maiko ambiri ndi kwa zaka zoculuka, monga Leroy Robert Paige, amene anthu onse anamdziwa ndi dzina lakuti Satchel. Nchito yace inali kuponya mpira m'masewera a baseball, ndipo anzace pamodzi ndi opikisana naye anabvomereza kuti pa nchitoyi anali mmodzi wa akatswiri oposa. Koma pa zaka 22 zoyamba za nchito yace, pamene dzanja lace linali ndi mphamvu zonse, sanaloledwe kusewera m'mabungwe akulu a dziko lace cifukwa ca khungu lace. Khomo linamtsegukira ali ndi zaka 42, msinkhu umene oponya ambiri akhala atapuma kale. Tsankho silinathe kubisa luso lace, koma linamdyera zaka zace zabwino.

Kapangidwe ka masewerawa

Baseball ndi masewera a mpira waung'ono wolimba, ofanana pang'ono ndi rounders kapena cricket. Gulu liri lonse likhala ndi anthu 9. Woponya aima pa kacitunda pakati pa bwalo, naponya mpira kwa womenya amene aima patali mapazi 60 ndi theka, ndodo iri m'manja. Kumbuyo kwa womenyayo kukhala wowakha. Womenya akalephera katatu kumenya mpira woponyedwa bwino, watuluka, ndipo woponya anenedwa kuti wamphonyetsa. Akamenya bwino athamanga kuzungulira malo anai, ndipo akafikanso pamene anayambira, gulu lace lapata cigoli cimodzi. Akatuluka atatu, magulu asinthana. Masewera amodzi ali ndi zigawo 9. Cotero mphamvu ya gulu igona makamaka pa woponya, pakuti mpira uli wonse uyambira m'dzanja lace.

Kubadwa ndi ubwana wace

Paige anabadwa pa 7 July, 1906, m'mzinda wa Mobile, m'mbali mwa nyanja, m'dera la Alabama. Atate ace, a John, anali kusamalira minda ya maluwa ya eni cuma, ndipo amai ace, a Lula, anali kucapa zobvala ndi kugwira nchito m'nyumba za Azungu. Ana anali ambiri, ndipo cakudya cinali cocepa.

Masiku amenewo madera a kum'mwera kwa Amereka anali ndi malamulo ochedwa Jim Crow. Ukapolo unali utatha mu 1865, koma mu 1896 bwalo lalikulu la milandu, poweruza mlandu wa Plessy ndi Ferguson, linagamula kuti kupatula mitundu sikulakwira lamulo la dziko. Motero munthu wakuda anali ndi sukulu yace, ngolo yace m'sitima, cipinda cace codikirira pa siteshoni, ndi manda ace. Ndipo zonsezi zinali zocepa ndi zonyozeka poyerekeza ndi za Azungu.

Ali mwana, Leroy anayamba kufuna ndalama pa siteshoni ya sitima, kunyamulira apaulendo katundu wao. Monga anasimba mwini wace, anaona kuti cikwama cimodzi pa ulendo sicipindula, ndipo anapeza mtengo ndi zingwe, namangirira zikwama zingapo nthawi imodzi. Anzace pomuona anamucha Satchel, ndilo liu la Cingerezi lotanthauza cikwama, ndipo dzinalo silinamcoke kufikira imfa yace.

Ku Mount Meigs

Sukulu sanaikonde, ndipo anali kuithawa kawirikawiri. Mu July 1918, ali ndi zaka 12, anagwidwa atatenga tinthu m'sitolo, ndipo anatumizidwa ku Mount Meigs, kufupi ndi Montgomery, ku sukulu yosungirako anyamata akuda olakwira lamulo. Sukuluyo inayambidwa ndi bungwe la amai akuda a mu Alabama, amene sanafune kuti ana aikidwe m'ndende pamodzi ndi akulu, ndipo inatsata maphunzitsidwe a Booker T. Washington wa ku Tuskegee, ndiwo ulimi, nchito ya manja ndi mwambo.

Kumeneko anakhala zaka 5 ndi miyezi ingapo. Woyang'anira masewera pasukulupo anaona kuti mnyamata amene anazolowera kugenda mbalame ndi miyala ali ndi dzanja losaphonya. Sanamletse kugenda, koma anampatsa mpira m'malo mwa mwala. Anamphunzitsa kutukula mwendo wamanzere m'mwamba asanaponye, kuti womenya asaone bwino kumene mpira ucokera, ndiponso kuyang'ana maondo a womenyayo kuti adziwe pamene pali kufooka kwace. Atakalamba, Paige anali kunena poyera kuti zaka zimene anataya ufulu wace ndizo zinampatsa nchito ya moyo wace wonse. Anatuluka mu December 1923, ali wamtali, woonda, wa mapazi akulu, ndi wodziwa cinthu cimodzi cimene cinathandiza iye ndi banja lace kwa zaka zoposa 40.

Lamulo losalembedwa

Kale anthu akuda owerengeka anasewerapo pamodzi ndi Azungu. Moses Fleetwood Walker anali wowakha wa gulu la ku Toledo mu 1884. Koma zaka za m'ma 1880 zisanathe, eni magulu anayamba kupangana kuti asalembenso munthu wakuda. Mabungwe akulu awiri, National League ndi American League, sanalembe panganoli m'buku la malamulo ao, komabe linasungidwa kwa zaka pafupifupi 60.

Anthu akuda sanakhale manja lende. Mu February 1920, ku Kansas City, Rube Foster, amene nayenso anali woponya wochuka, anasonkhanitsa eni magulu a anthu akuda, nakhazikitsa Negro National League. Mabungwe ena anatsata pambuyo. M'menemo ndimo munalowa Paige. Atasewera kanthawi m'gulu la kwao la Mobile Tigers, mu 1926 analembedwa ku Chattanooga, ndipo mu 1927 anapita ku Birmingham Black Barons, kumene mbiri yace inayamba kumveka.

Moyo wa m'magulu amenewa unali wobvuta. Ndalama za masewera a bungwe zokha sizinakwane kulipira osewera, cotero magulu anali kuyendayenda m'midzi ndi m'mizinda, kusewera ndi ali yense wofuna, nthawi zina kawiri kapena katatu pa tsiku limodzi. Anali kuyenda usiku pa basi, mamailo mazanamazana. M'malo ambiri hotela inawakana, nyumba yodyera inawakana, ndipo anthu omwewo amene anawaombera m'manja masana sanawalole kusamba m'cipinda ca pabwalo madzulo. Nyengo yozizira ikafika, osewera anali kupita ku Cuba, ku Puerto Rico, ku Mexico kapena ku California, kumene masewera sanaleke.

Zaka za mphamvu

Zinthu ziwiri zinamkweza Paige pamwamba pa anzace: liwiro la mpira wace, ndi kulunjika kwace. Poyeserera anali kuika pansi kapepala kakang'ono, naponya mpira pamwamba pace penipeni kambirimbiri. Analinso wodziwa kukondweretsa khamu. Anali kuyenda pang'onopang'ono polowa m'bwalo monga munthu wotopa. Nthawi zina anali kuitana anzace olonda kutali kuti abwere akhale pansi, iye natsala yekha ndi wowakha, naphonyetsa omenya mmodzimmodzi. Dzina lace likalembedwa pa cidziwitso, bwalo linali kudzaza.

Mu 1931 analowa m'gulu la Pittsburgh Crawfords, la Gus Greenlee. M'zaka zotsatira gululo linasonkhanitsa akatswiri monga Oscar Charleston, Cool Papa Bell, Judy Johnson ndi Josh Gibson, amene anali wowakha wace ndi womenya woopsa koposa. Pa 4 July, 1934, Paige anaphonyetsa omenya 17 a Homestead Grays, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamenya mpira wace mopindula kufikira masewera anatha.

Caka comweco anakwatira Janet Howard, napempha kuti malipiro ace akwezedwe. Atakanidwa, anasiya gululo mu 1935 napita ku Bismarck, m'dera la North Dakota, kumene Neil Churchill, wogulitsa magalimoto, anali ndi gulu losanganiza Azungu ndi akuda. Gulu limenelo linapambana mpikisano wa dziko lonse wa magulu ang'ono umene unacitika ku Wichita, ndipo Paige anapambana masewera 4, naphonyetsa omenya 60. Izi zinacitika zaka 12 mabungwe akulu asanalole mitundu kusanganizana.

Panalinso njira yina imene coonadi cinaonekera. Nyengo ya masewera ikatha, akatswiri a Cizungu anali kupanga magulu oyendayenda kuti apate ndalama zoonjezera, ndipo anadziwa kuti khamu licuruka akasewera ndi akuda. Dizzy Dean, amene anapambana masewera 30 mu 1934, anakumana ndi Paige kangapo, ndipo sanabise kumtamanda. Joe DiMaggio anayesana naye ku California mu 1936, asanalowe m'gulu la New York Yankees, ndipo pambuyo pace anamucha woponya woposa onse amene anakumana nao. Bob Feller anayenda naye dziko lonse pa ndege mu 1946. Anthu zikwizikwi amene anauzidwa kuyambira ubwana kuti wakuda sangalingane ndi Mzungu anadzionera okha ndi maso.

Zofooka zace ndi tsoka la dzanja

Paige sanali munthu wopanda cilema. Anali kucedwa ku masewera, nthawi zina osafika konse. Ndalama sizinakhalitse m'thumba mwace. Ndipo anali kuswa mapangano akamva kuti kwina kuli malipiro oposa. Eni magulu anakwiya naye, ndipo anzace ena anadandaula, makamaka Hilton Smith, woponya waluso amene kawirikawiri anali kutsiriza masewera Paige atangoponya zigawo zitatu, koma ulemu wonse unali kupita kwa Paige. Komabe kuyenera kukumbukika kuti wosewera wakuda analibe penshoni, analibe womsamala akabvulala, ndipo gulu lomwe linatha kutha pakati pa caka. Cuma cace conse cinali dzanja lace lamanja.

Mu 1937 nthumwi za Rafael Trujillo, wolamulira wankhanza wa Dominican Republic, zinampatsa madola 30,000 kuti abwere ndi anzace kudzasewera m'gulu la mzinda wa Ciudad Trujillo. Anapita, natenga akatswiri ena a Crawfords, ndipo anapambana mpikisanowo. Koma gulu la Greenlee silinadzukenso bwino pambuyo pace. Mu 1938 anakana kupita ku Newark Eagles, kumene anagulitsidwa, napita ku Mexico. Kumeneko dzanja lace linayamba kupweteka kotero kuti sanathe kulitukula. Anali ndi zaka 32, analibe nchito yina imene anaidziwa, ndipo eni magulu amene anawakhumudwitsa sanamfunenso.

Amene anamtola ndi J. L. Wilkinson, Mzungu mwini wa Kansas City Monarchs, yemwe anachuka poyenda ndi nyali za magetsi pa magalimoto kuti gulu lace lizisewera usiku. Mu 1939 anamuika m'gulu lace laciwiri loyendayenda, cifukwa dzina lokha linali kuitanabe anthu. M'miyezi imeneyo Paige anaphunzira kuponya ndi nzeru m'malo mwa mphamvu: mipira yokhota, yocedwa, ndi yonyenga. Pang'onopang'ono dzanja linacira. M'nyengo ya 1939 ndi 1940 ku Puerto Rico, m'gulu la Guayama, anapambana masewera 19, nagonja 3 okha. Anabwerera ku Monarchs ali woponya wokhwima kuposa kale. Mu 1942 gululo linagonjetsa Homestead Grays m'masewera 4 otsatizana, nilikhala lopambana mwa magulu onse a anthu akuda. Tsiku lotsiriza Paige anafika mocedwa, analowa m'cigawo cacinai, ndipo kuyambira pamenepo panalibe amene anamenya mpira wace mopindula.

Khomo litsegukira wina

Nkhondo yaciwiri itatha, kunali kobvuta kunena kuti munthu amene anafera dziko lace sayenera kusewera mpira m'dziko lomwelo. Nyuzipepala za anthu akuda zinali zitalemba za nkhaniyi zaka zambiri. Mu October 1945 Branch Rickey wa Brooklyn Dodgers analemba Jackie Robinson, amene caka comweco anali mnzace wa Paige ku Monarchs. Robinson anali ndi zaka 26, anaphunzira ku koleji, anali ofisala wa asilikali, ndipo Rickey anaona kuti adzatha kupirira cipongwe osabwezera. Pa 15 April, 1947, analowa m'bwalo la ku Brooklyn.

Pamaso pa anthu Paige anayamika kusankhidwa kwa Robinson, koma m'buku la moyo wace, Maybe I'll Pitch Forever, limene linatuluka mu 1962, anabvomera kuti mtima unamuwawa, pakuti iye ndiye anadzaza mabwalo zaka zonsezo. Josh Gibson sanaone ngakhale tsikulo: anamwalira mu January 1947, ali ndi zaka 35.

Ku Cleveland

Bill Veeck, mwini wa Cleveland Indians, anali atalemba kale Larry Doby mu July 1947, wakuda woyamba mu American League. Pakati pa caka ca 1948 gulu lace linali pa mpikisano wolimba ndipo linasowa oponya. Anaitana Paige kuti ayesedwe pamaso pa Lou Boudreau, kapitao wa gululo, amene analinso mmodzi wa omenya opambana caka cimeneco. Boudreau anakhutira, ndipo pa 7 July, 1948, tsiku limene Paige anakwanitsa zaka 42, pangano linalembedwa. Nyuzipepala ya The Sporting News inadzudzula Veeck kuti angofuna kukopa anthu ndi nkhalamba.

Yankho linaperekedwa pabwalo. Pa 9 July Paige anaponya koyamba, polandira mnzace. Pa 3 August, pamene anayamba masewera iye mwini, panafika anthu 72,434. Pa 13 August ku Chicago anaponya zigawo zonse 9 osalola cigoli ndi cimodzi comwe. Pa 20 August anacitanso cimodzimodzi ku Cleveland pamaso pa anthu 78,382, khamu limene linali lisanaonekepo pa masewera a usiku. Mtsogoleri wa American League analetsa kaponyedwe kace kena, kamene anali kuima pang'ono phazi litaponda pansi mpira usanacoke m'dzanja. Koma Paige anali ndi njira zina zambiri. Anatsiriza caka atapambana masewera 6, nagonja amodzi okha. Cleveland inalingana ndi Boston Red Sox pa mapeto a nyengo, ndipo panafunika masewera ena amodzi kuti wopambana adziwike. Cotero popanda masewera 6 a Paige gululo silikadafika pamenepo. Mu October anakhala wakuda woyamba kuponya mu World Series, ndiwo mpikisano wotsiriza wa mabungwe awiriwo, ndipo Cleveland inapambana.

Koma walira mvula walira matope. Pamene akatswiri akuda analowa m'mabungwe akulu, makamu anawatsata, ndipo magulu amene anawalera anasauka. Negro National League inatha pa mapeto a caka comweco ca 1948, ndipo osewera ambiri amene anali atapitirira msinkhu anatsala opanda nchito.

Zaka zotsiriza

Kuyambira 1951 kufikira 1953 Paige anasewera ku St. Louis Browns. Mu 1952 anapambana masewera 12, ndipo pa 6 August caka cimeneco, ali ndi zaka 46, anaponya zigawo 12 osalola Detroit kupata cigoli. Anasankhidwa kukhala m'gulu la akatswiri a American League mu 1952 ndi mu 1953. Atacoka kumeneko sanapume, pakuti anali ndi mkazi wace Lahoma, amene anamkwatira mu 1947, ndi ana ofuna kudya ku Kansas City. Anasewera ku Miami kuyambira 1956 kufikira 1958, nabwereranso ku maulendo a m'midzi.

Pa 25 September, 1965, Charles Finley wa Kansas City Athletics anamuitana kuti aponye tsiku limodzi. Anamkonzera mpando wogwedezeka ndi namwino womsisita dzanja, kuti anthu aseke. Paige, wa zaka 59, anaponya zigawo zitatu kwa omenya a Boston Red Sox osalola cigoli; Carl Yastrzemski yekha ndiye anamenya mpira wace mopindula. Mu 1968 a Atlanta Braves anamlemba m'buku la gulu lao, cifukwa kunamtsalira masiku 158 kuti akwanitse nthawi yolandirira penshoni.

Ku Cooperstown, m'dera la New York, kuli nyumba ya cikumbutso ca akatswiri a baseball, yochedwa Hall of Fame. Lamulo lace linafuna kuti munthu akhale atasewera zaka 10 m'mabungwe akulu, ndipo motero linatsekereza onse amene anakanizidwa kulowamo. Mu 1966 Ted Williams, polandira ulemu wace, anapempha kuti Paige ndi Gibson akumbukidwe. Mu 1971 Paige anasankhidwa, woyamba kulemekezedwa cifukwa ca nchito ya m'mabungwe a anthu akuda. Poyamba akulu anaganiza zomuika m'cigawo capadera. Anthu anakwiya poona tsankho likulowa m'nyumba ya ulemu yomwe, ndipo maganizowo anasinthidwa. Pa 9 August, 1971, analandiridwa mofanana ndi ena onse. Anamwalira ku Kansas City pa 8 June, 1982, ali pafupi kukwanitsa zaka 76.

Cimene cinatsala

M'American League Paige anapambana masewera 28, nagonja 31, ndipo onsewo anawasewera atapitirira zaka 42. Iye mwini anawerengera kuti m'moyo wace anaponya m'masewera ngati 2,500, koma oculuka a iwo anacitikira m'midzi mmene munalibe wolemba. Mu December 2020 akulu a baseball anabvomereza kuti mabungwe 7 a anthu akuda a zaka za 1920 kufikira 1948 anali mabungwe akulu, ndipo mu 2024 ziwerengero zao zinalowetsedwa m'buku limodzi ndi za Azungu. Cilungamoco cinafika Paige ndi anzace ambiri ali m'manda.

Robinson ndiye analowa pakhomo poyamba, ndipo ulemu wace umuyenera. Koma khomolo linali litagwedezeka kale ndi nchito ya anthu onga Paige, amene tsiku ndi tsiku, kwa zaka 22, anaonetsa pamaso pa makamu kuti lamulo losalembedwa lija linakhazikika pa bodza. Dziko linataya zambiri pomdikiritsa. Ndipo likadataya zonse, pakadapanda munthu mmodzi ku Mount Meigs amene anayang'ana mnyamata wotumizidwa kudzalangidwa, naona mwa iye cinthu coyenera kuphunzitsidwa.